Seva Yapansi

Nditafika ku depoti ya mabasi Lolemba m'mawa, ndinapeza a Dairekita atauweruza kale mlandu. Sindinadabwe. Chiyambireni ntchito yofufuza milandu ku polisi, sindinaonepo bwana wamkulu wodikira wapolisi kuti amuuze wakuba. Iwo amayamba ndi kuloza chala, kenako n'kutiimbira foni kuti tibwere ndi unyolo.

"Musataye nthawi yanu, a polisi," anatero pondichingamira pa masitepe, thukuta lili kamukamu. "Chitseko sichinathyoledwe. Makiyi alipo awiri basi. Mwini kiyi mmodzi dzulo anaswera ku chipatala. Winayo ndi uyo wakhala apoyo."

Amene anakhala apoyo anali mayi wamfupi, wovala nsapato zafulati, yemwe depoti yonse imamutcha Injiniya. Ndiye anali mkulu wa zamakompyuta pa kampaniyo. Anali atamulanda kale laputopu ndi khadi la ntchito, n'kumukhazika pa benchi ya pakhonde kuti aliyense wodutsa amuone. A Dairekita sanabise mawu. Bodi yoyendetsa kampaniyo imakumana masana a tsiku lomwelo, ndipo iwo amafuna kuti pomwe ikukumana, mayiyu akhale ali m'chitolokosi, ntchito itamuthera.

"Chabedwa n'chiyani kwenikweni?" ndinafunsa.

"Seva. Chikompyuta chachikulu choyendetsa ntchito zathu. Tinali nazo zitatu, zatsala ziwiri."

"Nanga mayiyu abe chifukwa chiyani?"

Anandikokera pambali n'kutsitsa mawu, ngakhale khonde lonse limamvabe.

"Nkhani yake ndi iyi. Maseva athuwa amayendera pulogalamu inayake yomwe takhala nayo zaka zambiri. Kampani yomwe inaipanga yagulidwa ndi anthu ena, ndipo eni atsopanowo angofika n'kukweza mtengo. Anzathu ambiri akuthawa. Ndiye kwabwera kampani ina ikuti tisamukire kwa iyo, zonse izitisungira pa makina ake. Mayiyu anakana kwamtuwagalu. Analimbana ndi bodi mpaka bodi inagonja, ndipo masana ano timayenera kusaina zokhalabe. Tsiku lomwelo seva ikusowa. Inu simukuona?"

"Sindikuona," ndinatero. "Munthu wapambana mkangano, ndiye abe seva kuti atani nayo?"

"Kuganiza kumeneko ndi kwanu, a polisi. Ine chomwe ndaphunzira n'choti makina okhala m'chipinda chathu amabedwa. Ndiwaimbira a kampani ina aja abwere."

Ndinasuzumira pa zenera. Pansipo mabasi amapakira anthu, makondakitala akukuwa, mzere wa pa kauntala ukuyenda bwinobwino. Mayi wina amachoka pa zenera la matikiti akuuzira tikiti yake ngati yangotuluka kumene mu makina.

"Matikitiwo mukugulitsa bwanji lero?"

"Pa kompyuta, monga masiku onse."

"Chiyambire dzulo chaima n'chiyani?"

A Dairekita anakanda mutu. Anayang'ana kudenga, kenako pansi.

"Palibe," anatero.

Apo ndiye ndinabweza unyolo m'thumba. Munthu ananyamula chinthu cholemera ngati thumba la simenti, kutsika nacho masitepe onsewo, koma palibe basi imodzi yomwe inachedwa. Wakuba ameneyo anali atalakwitsa penapake, ndipo ine wakuba wolakwitsa ndimamukonda.

*

Chipinda cha maseva chinali chaching'ono, chozizira, chopanda zenera. M'kati munali kabati yachitsulo, ndipo m'kabatimo munali mabokosi akuda aatali ophethira timagetsi tobiriwira. Pa shelefu yapansi panali mpata, mawaya akulendewera. Sanadulidwe ayi. Wina anawazula mmodzimmodzi n'kuwakoloweka pambali mwaulemu.

Ndinamuitana Injiniya kuti andifotokozere chifukwa chomwe ntchito sinaime. Ndinamuchenjeza kuti ine makompyuta ndimawadziwa pongoyatsa ndi kuzimitsa.

"Basi ikafa pa msewu, apaulendo amatani?" anandifunsa.

"Amatukwana kondakitala."

"Akamaliza kutukwana?"

"Amakwera ina."

"Ndi zomwezo. Masevawa ndi mabasi. Kompyuta ya matikiti, ya mafuta, ya zamagalimoto, si mabokosi ogwirika ndi manja. Ndi apaulendo okhala m'kati mwa masevawa. Ntchito ya pulogalamu yomwe tikukanganirayi ndi imeneyo. Seva imodzi ikafa, imawatsitsa apaulendo n'kuwakweza mu inayo yokha, osadikira munthu. Yapansiyi itazulidwa, omwe anali m'menemo anasamukira mu ziwirizi. Apanikizana pang'ono, koma akuyenda."

Amalankhula ngati munthu yemwe sakumuyembekezera unyolo. Ndinamufunsa chomwe anakakamirira pulogalamu yomwe anzake onse akuithawa.

"Eni ake asintha, inde. Mtengo wakwera, sindikukana. Koma pulogalamu ndi yomweyo, ndipo ikatsokomola ndimadziwa pomwe pakuiwawa. Anthu anga anaiphunzira. Kusamuka panopa kukanatiimitsa nthawi yomwe mabasi amadzaza. Ndinauza bodi kuti tikhale, tisaine kontirakiti yaifupi, tiwaone eni atsopanowa khalidwe lawo. Akayamba mwano tidzachoka masana dzuwa likuswa mtengo, katundu titalongedza bwino. Osati kuthawa chifukwa choti aneba akuthawa."

"Munadziwa liti kuti seva yasowa?"

"Foni inandiuza dzulo madzulo kuti yapansi yazima. Nditaona kuti zonse zasamuka zokha, ndinati ndikaiona mawa. Ndimaganiza kuti yangofa. Lero nditatsegula chitseko ndiye ndaona mpatawo, ndipo ndakanena ndekha kwa a Dairekita. Mphoto yake ndi benchi ija."

"Kiyi wanu?"

"Ali pa mpukutu wa makiyi anga, m'chikwama."

"Dzulo masana munali kuti?"

Apa anamwetulira koyamba.

"Kwa malume. Lamlungu lililonse ndimakadya kumeneko. Ndi omwe anandilera amayi atamwalira, sukulu yamakompyutayi anandilipirira ndi iwowo. Amagwira ntchito konkuno, ndi mkulu wa ku matikiti. Kawafunseni, akakuuzani okha."

Ananena mtima uli m'malo, ngati munthu wotsamira khoma lomwe analimanga yekha.

*

Mwini kiyi wachiwiri anali wachiwiri wa Injiniya, bambo wamtali yemwe amamutcha Magalasi. Ndinamupeza atagoneka mutu pa desiki, malaya ali makwinya okhaokha. Mkazi wake anali atachira dzulo lake, mwana wamkazi. Asanandipatse moni anali atandionetsa kale chithunzi pa foni.

"Mphuno ndi yanga," anatero. "Zina zonse tithokoze kuti watengera amayi ake. Mukufuna kudziwa komwe ndinali? Funsani manesi onse a ku chipinda chochilira, anandithamangitsa kangapo. Kiyi ndi uyu, amakhala m'khosi mwangamu. Ngakhale posamba."

"Ndamva kuti inu mumafuna kusamuka."

"Ndimafuna, ndipo ndikufunabe. Eni atsopanowa adzatidyera masuku pamutu, mudzandikumbuka. Ndinanena pamaso pa bodi, abwana anga ananenanso zawo, iwo anapambana. Mayi aja sapindika, a polisi. Anthu a kampani inayo pobwera kudzatsatsa anabwera ndi msuweni wa abwana angawo, mwana wa malume awo, atavala suti yobwereka. Akumuyesa kumene ntchito kumeneko. Amaganiza kuti akaona m'bale wawo afewa. Anamufunsa mafunso mpaka mnzanuyo anamwa madzi onse a pa tebulo."

"Ndiye inu munapsa mtima, n'kutuma munthu kuti adzanyamule seva, kuti bodi ichite mantha."

Magalasi anavula magalasi ake n'kundiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Mukandimanga mundimange, koma musandinyoze. Bwerani kuno."

Anandibwezera m'chipinda chozizira chija n'kuloza bokosi lina lalifupi, lonenepa, lomwe linali pamwamba pa maseva. Ndinali ndisanaliganizire n'komwe.

"Abwana akuuzani za mabasi ndi apaulendo? Amauza aliyense. Chabwino, ichi ndi chosungira katundu wa apaulendo onse. Matikiti onse, mayina onse, zonse zili umu. Ine ndikanafuna kugwetsa kampani, ndikanazula ichi. Lero bwenzi pansipo anthu akumenyana. Abwana akudziwa zimenezi kuposa ine. Munthu wodziwa ntchito yathu sanganyamule seva imodzi, chifukwa akudziwa kuti palibe chomwe chiime."

"Nanga bwanji wakubayo anasankha yapansi? Yapamwamba ndi yosavuta kunyamula, safunika kuwerama."

Anapukuta magalasi ndi malaya.

"Yapansiyo ndi yakale kuposa zonse. Ine ndinaipeza. Amati kale, pulogalamuyi isanabwere, kompyuta iliyonse inali ndi bokosi lakelake, ndipo matikiti amakhala m'menemo. Anthu akale pano mpaka lero amaitcha seva ya matikiti. Timawauza kuti zinasintha, amangogwedeza mutu."

Ndinamuyamikira chifukwa cha mwana n'kutuluka. Tsopano ndimadziwa munthu yemwe ndimamufuna. Sanali katswiri. Anali munthu yemwe mutu wake unatsalira m'masiku omwe chinthu chilichonse chimakhala m'bokosi lake.

*

Mlonda wa pa geti sanandithandize. Analumbira kuti Lamlungu palibe mlendo yemwe analowa, ndipo ndinamukhulupirira. Alonda amaona alendo okha. Munthu yemwe amamuona tsiku ndi tsiku akhoza kudutsa atasenza chitseko, iwo n'kumupatsa moni.

Ndinapita ku kauntala ya matikiti. Pa zenera lakumapeto panali mayi wina wa mawu akuthwa, zala zikuthamanga pa kompyuta, mphuno ili yofiira. Amayetsemula pakati pa kasitomala ndi kasitomala.

"Ine a polisi musandifunse kanthu, ndilibe pakamwa," anatero. "Ndimangobwera, kugwira ntchito, kubwerera. Zoti Injiniya amukhazika pa benchi ngati mwana wasukulu, ine sindinaone. Zoti a Dairekita akuopa bodi kuposa mkazi wawo, sindinanene ndine. Wotsatira. Mpando wa pazenera watha, bambo, mukhala pakati."

"Chimfinecho mwachitenga kuti?"

"Chimfine chake chiti? Ndi fumbi ili. Taonani."

Anakankha ndi phazi katoni yomwe inali pansi pa kauntala. Munali timabuku ta matikiti akale, olemba pamanja, a kaboni pakati. Mapepala anali achikasu, m'mphepete mwake mphemvu zitadyamo.

"Zinthu izi tinazisiya ine ndisanabereke woyamba. Lero ndikufika m'mamawa, basi yoyamba isanapakire, ndapeza aliyense amuikira kabuku ndi bolopeni pa desiki. Akuti lero makina sagwira, muzilemba pamanja. Ine ndati makina ake ati? Ndayatsa kompyuta, yayaka. Ndagulitsa tikiti, yatuluka. Ndiye ndangovutika n'kupuma nkhungu za m'chipinda cha katundu woiwalika, poti n'komwe zimasungidwa zimenezi."

"Nthawi imeneyo Injiniya anali atafika?"

"Afike nthawi imeneyo? A mu ofesi amabwera dzuwa litakwera. Nkhani ya seva tamva mabasi am'mawa atapita kale."

"Ndiye munthu wina anakonzekera kuti makina sagwira, anthu onse asanadziwe kuti seva yabedwa."

Mayiyo anasiya kulemba.

"Anakuikirani timabukuti ndi ndani?" ndinafunsa.

Anayang'ana chitseko cha kaofesi kakuseri kwa kauntala, kenako anatsitsa mawu.

"Malume," anatero.

*

Depoti yonse imawatcha Malume chifukwa cha Injiniya. Anali bambo wa imvi, wovala tayi ndi juzi yopanda manja, desiki yawo ili mwadongosolo, mabolopeni atayalidwa motsatira kutalika. Anaimirira nditalowa, anandikokera mpando, sanakhale mpaka ine nditakhala. Anthu aulemu chotere amandivuta kuwamanga, koma ndimawamanga ndithu.

"Zachitikazi zatikhudza kwambiri, bwana," anatero. "Mwana uja ndinamulera ndekha."

"Akuti dzulo anali kwanu."

"Anabwera, inde. Tinadya limodzi."

"Anakhala mpaka madzulo?"

Anasuntha bolopeni imodzi, ngakhale inali pamalo pake.

"Pamenepo sindinganene bodza pamaso pa boma. Titadya ine ndinatuluka, ndinakaona mnzanga wodwala. Zomwe anachita ine kulibe, sindingazidziwe."

Mawu amenewo anandiwawa, ndinene zoona. Pamwamba paja mayi uja anali atatsamira pa munthu ameneyu ndi mtima wake wonse, ndipo munthuyo amachotsa phewa mwakachetechete.

"Mnzanuyo amakhala kuti? Ndikamuone nanenso."

"Ndi kutali ndithu. Ndiponso sakonda alendo."

"Pomwe mumatuluka, mwana wa mlongo wanu amatani?"

"Anali atagona pa sofa. Amatopa ndi ntchito, akadya amagona."

"Chikwama chake chinali kuti?"

"Sindiyang'ana zikwama za amayi, bwana."

"Mwachita bwino. Pa depoti pano mwakhala nthawi yaitali?"

Apa nkhope inawala. Anandiuza kuti analowa ntchito kampani ili ndi mabasi owerengeka, matikiti akulemba pamanja. Anandiuza za tsiku lomwe kunabwera kompyuta yoyamba, momwe iwo ndi dalaivala wina anainyamulira kukwera nayo masitepe, n'kuiika pa shelefu yapansi chifukwa mikono inali itatha mphamvu.

"Seva ya matikiti," ndinatero.

"Yomweyo. Matikiti onse amakhala m'menemo."

"Amakhala kapena ankakhala?"

"Amakhala. Achinyamatawa amanena zambiri, koma chinthu chimakhala pomwe unachiika."

"Ndiye itasowa, munadziwa kuti lero makina sagwira."

"N'zachidziwikire."

"N'chifukwa chake munagawa timabuku."

"Mkulu wa ntchito amayenera kukonzekera."

"Zoona. Koma timabukuto munagawa basi yoyamba isanapakire. Chitseko cha maseva chinali chokhoma, Injiniya asanafike, a Dairekita ali m'bafa kwawo. Pa depoti yonse panalibe munthu wodziwa kuti seva yasowa. Inu anakutsinani khutu ndani?"

Dzanja linapita pa tayi.

"Ndimangokonzekera. Ndi eni atsopano a pulogalamu aja, munthu sungadziwe tsiku lomwe atidulire."

"Chigulidwire kampaniyo papita miyezi. Munagawapo timabuku tsiku lina?"

Anasunthanso bolopeni ija.

"Tiyeni mukandionetse komwe timasungidwa," ndinatero ndikuimirira. "Ndamva kuti kiyi wa chipinda cha katundu woiwalika amakhala ndi inu."

*

Ndinatuma uthenga kuti a Dairekita ndi Injiniya atipeze kumeneko. Chipindacho chinali kuseri kwa depoti, pafupi ndi potsukira mabasi. Munali maambulera, masutikesi oduka zogwirira, nsapato za mwendo umodzi, ndodo ya munthu wolumala yomwe sindikudziwa kuti mwini wake anafika bwanji kwawo. Chilichonse chinali ndi fumbi lake. Pakhomo pomwe panali tirole yonyamulira katundu, ndipo mateyala ake anali atasiya mizere iwiri yoyera pa fumbi la pansi, yolunjika pakona.

Pakonapo panali chinthu chachitali chokulungidwa m'bulangete la mizeremizere, chomangidwa bwino ndi chingwe. Bulangete lokhalo ndi lomwe linalibe fumbi.

"Mumasule ndinu kapena ndimasule ndine?" ndinawafunsa Malume.

Anagwada okha, mawondo akulira, n'kumasula mfundo. Anali ataika makatoni pansi kuti chinyezi chisailowe. Seva inali bwinobwino, yopanda ndi kukalika komwe.

A Dairekita anafika akupuma mwabefu, Injiniya ali pambuyo pawo. Mayiyo anayang'ana seva kaye, monga munthu wa ntchito yake. Kenako anayang'ana yemwe anagwada pambali pake, chingwe chili m'manja.

Ndinafotokoza mwachidule, chifukwa nkhani yake sinali yaitali. Injiniya atagona pa sofa, Malume anatenga makiyi m'chikwama. Anabwera ku depoti kauntala itatseka, mlonda anawapatsa moni monga masiku onse. Anazula seva yomwe iwo amaidziwa kuti ndi ya matikiti, anaitsitsa pa tirole, anaibisa muno, anabweza makiyi mwini wake asanadzuke. Amayembekezera kuti Lolemba kukacha depoti ili chiimire, a Dairekita agwira njakata, aitana kampani ina ija kuti iwapulumutse, ndipo zosaina masana zilowa m'madzi.

"Chomwe simunadziwe," ndinawauza, "n'choti matikiti anachoka kalekale m'bokosi limeneli. Munanyamula basi, apaulendo anakwera ina."

"Koma chifukwa chiyani, bambo inu?" anafunsa a Dairekita. "Mwatsala pang'ono kupuma ntchito ndi ulemu wanu."

Malume sanawacheukire n'komwe a Dairekita. Amayang'ana mwana wa mlongo wawo.

"Msuweni wako anamuuza kuti akapanda kubweretsa kontirakiti iyi, asabwererenso," anatero. "Wakhala pakhomo zaka zonsezi, mkazi anamuthawa. Iyi inali ntchito yake yoyamba yooneka. Ndinakupempha, mwanawe. Ndinakupempha kawiri konse."

"Munandipempha, ndipo ndinakuyankhani," anatero Injiniya. Mawu ake sanakwere. "Ndinati kampani si yanga yoti ndizigawira abale. Ndinati ndimuthandiza kufuna kwina."

"Ndimati ndidzaibweza zikatha. Taona momwe ndaisamalira."

"Mwaisamalira bwino. Ine ndiye munandisiya pa benchi. Mwadutsa pakhonde paja m'mawa uno, malume. Mwandiona."

"Ndimadziwa kuti sangakumange. Ulibe mlandu."

"Anakufunsani a polisiwa ngati ndinali kwanu. Munayankha chiyani?"

Malume anawerama. Injiniya anatembenukira kwa ine, ndipo ine sindinafune kunama.

"Anati sangadziwe zomwe munachita iwo kulibe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanalire. Ndikanakonda akanalira, chifukwa nkhope yomwe anaonetsa inali yovuta kuiyang'ana.

"Iwe uli ndi mapepala," anatero Malume motsitsa. "Ukanapeza ntchito ina. Iye alibe kolowera."

"Ndiye munakhala pansi n'kusankha."

Panja wina amathira madzi pa basi, akuimba.

A Dairekita, omwe m'mawa amafuna unyolo, tsopano amafuna kuti nkhani ife. Anayamba zoti katundu wapezeka, zoti ndi nkhani ya pabanja, zoti bodi siyenera kumva chilichonse. Anapepesa kwa Injiniya mozungulira, osatchula liwu loti pepani. Ndinawakumbutsa kuti anaitana polisi ndi iwo, pamaso pa antchito onse, ndipo dzina lomwe analiipitsa pakhonde paja silingayere m'chipinda chotseka. Mlandu unali utalowa kale m'manja mwa boma.

"Mundibwezere laputopu ndi khadi langa," anatero Injiniya kwa a Dairekita. "Magalasi abwere ndi tirole, tikaibwezeretse seva pamalo pake. Bodi ikakumana ndikalankhula ndekha. Ndikawauza kuti seva inabedwa, tikiti ngakhale imodzi sinalephere kutuluka. Akafuna umboni wina woti tikhale, sindikudziwa kuti ndikautenga kuti."

"Tisaina, mayi," anatero a Dairekita mofulumira. "Tisaina lero lomwe."

Kenako anabwera pafupi ndi ine n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Musawamange unyolo pamaso pa anthu awo. Mudutse nawo geti lakuseri. Ayenda okha, sathawa."

Ndinavomera. Ndinawagwira Malume pa chigongono kuti adzuke, ndipo anadzuka mopepuka ngati munthu wopanda mafupa. Tili pakhomo, foni inalira m'thumba la juzi yawo. Anaitulutsa, anayang'ana dzina. Anali akazi awo. Foniyo inalira mpaka kusiya, inayambanso.

Injiniya anatambasula dzanja. Malume anamupatsa.

"Anti, ndine," anatero. "Ayi, ali pompano, ali bwino. Chakudya chawo musawasungire lero." Anamvetsera kwa kanthawi, maso ali pa bambo yemwe anamulera. "Anti, mwaimirira? Khalani pansi kaye, ndikuuzeni."